Laini ya Shamim, Chitupa cha Sabina

Foni ya Shamim inagwera m'madzi a nyanja ya Chiuta Lachiwiri m'mawa, ndipo kunena zoona inagwa chifukwa cha phuma. Azimayi ogula nsomba pa doko limenelo sadikira kuti bwato lifike kumtunda. Akangoliona likutulukira m'mabango, amakwinya zitenje n'kulowa m'madzi kukalichingamira, chifukwa woyamba kuligwira ndiye mwini matemba. Shamim anali katswiri pa mpikisano umenewu. Tsiku limenelo analigwiradi bwatolo wina aliyense asanafike, koma powerama kuti aone nsomba, foni imene anaipana pachifuwa inangoti chubwi.

Anapapasa ndi mapazi, asodzi anavundula ndi nkhafi, mayi wina mpaka anamiza mutu wonse, koma matope a Chiuta akalandira chinthu sabweza. Shamim anatuluka m'madzimo akudziseka yekha. Foni n'chiyani? Matemba anali atawapeza, madengu odzaza bwino. Anakwera njinga yamoto kubwerera ku Nselema mtima uli m'malo, akuganiza kuti mawa apita kwa ejenti, akatenge simukhadi ina ya nambala yomweyo, moyo upitirire.

Zinthu zinkamuyendera mayi ameneyu, tisabise. Anali ndi benchi yake pamsika wa Nselema, nyumba ya malata kuseri kwa mzikiti, ndi mwana mmodzi, Asiya, amene anali ku sekondale yogonera konko. Mwamuna wake, Twalibu, anali ku Joni chaka chachisanu ndi chiwiri akusoka zovala m'fakitale, ndipo sanali ngati amuna ena amene akangowoloka Limpopo amaiwala njira ya kwawo. Ankatumiza. Poyamba ankapatsira madalaivala a mabasi, kenako anatulukira njira ya kiripito, ndalama za pa intaneti zija zimene sungazigwire ndi manja. Anamuphunzitsa mkazi wake pa foni pang'onopang'ono mpaka wophunzira anaposa mphunzitsi. Shamim ankadziwa tsiku logulitsa madola ake a kiripito ndi tsiku longokhala chete, monga momwe ankasiyanitsira nsomba youma bwino ndi yachinyezi. Mpamba wonse wogulira mpunga wa malonda wa chaka chimenecho unali m'menemo, ndipo kumadambo anthu anali atayamba kale kumweta.

Chimene ankaikondera akauntiyo n'chakuti inalibe phokoso. Mbuzi imalira pakhomo, abale n'kumva, n'kubwera ndi mavuto awo, koma akaunti ya kiripito imangokhala duu. Inali ndi maloko awiri: pasiwedi, imene inali m'mutu mwake, ndi khodi ya manambala sikisi imene inkabwera pa laini yake nthawi iliyonse akafuna kulowa. Popanda khodiyo, ngakhale mwini wake ankatsala panja.

Lachitatu anapita kwa ejenti wa mafoni, bambo wina wa ndevu zaimvi amene ankakhala pansi pa ambulera pafupi ndi siteji. Anapereka chitupa chake cha unzika n'kutchula nambala. Bamboyo anadinadina pa foni yake, anayang'ana chitupa, anayang'ana Shamim, n'kudinanso.

"Amake Asiya, laini iyi si yanu."

"Aa! Si yanga bwanji? Inuyo mukafuna milamba simundiimbira pa nambala yomweyi?"

"Kuimba ndimaimba. Koma kuno ikuonetsa dzina la Sabina Kachingwe. Ameneyo ndiye mwini wake. Apite yekha ndi chitupa chake, ndipo osati kwa ine, apite ku ofesi yaikulu. Ine apa palibe chimene ndingachite."

Shamim anabweza chitupa chake m'chikwama. Dzina limenelo anali asanalimve likutchulidwa mokweza kwa zaka zitatu.

Nkhani yake inali yotere. Chaka chimene kunabwera lamulo lakuti laini iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa, Shamim anazengereza mpaka tsiku lomaliza, monga timachitira ambirife. Ataima pamzere kuyambira m'mawa, anafika kutsogolo n'kupeza kuti chitupa anachisiya kumudzi kwa mayi ake. Kumbuyo kwake kunali Sabina, mkazi wa aphunzitsi a Blasius, amene ankakhala naye moyandikana nyumba. "Lembani pa changa," anatero Sabina, ngati akubwereketsa mchere. Zinathera pomwepo. Malaini ambiri analembedwa motero tsiku limenelo, wina pa chitupa cha amalume, wina cha apongozi, ndipo palibe amene anaona cholakwika.

Masiku amenewo awiriwa anali pa ubwenzi wa ponda apa nane m'pondepo. Sabina anali Mkatolika wa korona m'khosi, Shamim Msilamu wosaphonya swala, koma pa Idi Sabina ndiye ankasenda anyezi wa pilawu, ndipo pa Khirisimasi nkhuku ya kwa aphunzitsi inkayamba yapita kwa shehe kukazingidwa kuti Shamim adye nawo. Asiya akubadwa, amene anagona pansi kuchipatala kudikirira anali Sabina, poti anali wamkulu ndipo zinthu zimenezi ankazidziwa.

Kenako aphunzitsi anapuma pantchito, banja linasamukira kwawo kwa Sabina ku Phalula, m'boma la Balaka. Ankaimbirana ndithu. Ndiye zaka zitatu zapitazo mayi ake a Sabina anamwalira. Uthenga unamupeza Shamim ali ndi matemba pathandala, kumwamba mitambo itachita bii. Anati apita mawa. Mawa lakelo anamva kuti aika kale. Anati akapepesa sabata yamawa akagulitsa nsomba. Sabata inasanduka mwezi, ndipo pofika pamenepo manyazi anali atatalika kuposa ulendo, moti ngakhale kuimba foni kunamukanika. Akanayamba ndi mawu ati? Sabina nayenso sanaimbe. Kwathu kuno munthu angakukhululukire utamubera nkhuku, koma kusabwera pamaliro a mayi ake ndi nkhani ina.

Madzulo a tsiku limenelo Shamim anagula kafoni ka mabatani ndi laini yatsopano, n'kuimbira mwamuna wake.

"Palibe njira ina, abambo a Asiya? Eni ake a pulogalamuyo sangandimvere chisoni?"

"Njira ilipo, yowalembera pa imelo," anayankha Twalibu. "Koma pasiwedi ya imelo mukuikumbukira?"

"Inali m'foni momwemo."

"Ndipo kuti imeloyo muitsegulenso, khodi yake ibwera pa laini yomwe yamira ija. Mwaona? Makiyi onse munawamangirira pa chingwe chimodzi. Zolemberana nawozo zikhoza kutenga masabata, anzanu atagula mpunga wonse." Kenako anaseka. "Pitani ku Phalula, amake Asiya. Ine ndakhala ndikukuuzani zaka zitatu. Mwina Allah watuma matope kuti akuuzeni m'malo mwanga."

"Musandiseke."

"Sindikukusekani iyayi. Ndangokondwa."

Lachinayi analawirira. Ananyamula mpunga wonunkhira, milamba yowamba imene anaisankha imodziimodzi, shuga ndi chitenje chatsopano. Anakwera minibasi ya ku Liwonde, ina ya ku Balaka, ina yodzera pa Chingeni kutsetsereka ndi msewu waukulu. Njira yonse ankakonza mawu n'kuwaphwasula. Ankaopa. Sabina akanatha kungonena kuti chitupa chinasowa, ndipo palibe khoti limene likanamukakamiza kuchipeza. Komanso chinthu china chinkamuwawa kuposa mantha: kufika kukapepesa maliro uli ndi pempho m'thumba kuli ngati kulowa m'nyumba ya siwa utasenza dengu la malonda. Asanafike pa Chingeni anatsimikiza mumtima kuti za laini sazitchula tsiku limenelo, zivute zitani.

Ku Phalula kunali dzuwa ndi fumbi. M'mphepete mwa msewu munali matumba a makala, milu ya malambe, ndi ogulitsa mbewa amene ankazikweza m'mwamba galimoto iliyonse ikamadutsa. Shamim anayang'ana kumbali n'kufunsa njira ya kwa aphunzitsi a Blasius. Aliyense ankakudziwa.

Anamupeza Sabina atakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa nimu, akutonola chimanga. Anali atanenepako, ndipo m'mphepete mwa duku munkaoneka imvi.

"Odi kuno."

Sabina anadzutsa mutu. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mosafulumira, chitsononkho chili m'manja.

"Fikani," anatero. Anayala mkeka wina chapatali pang'ono. "Muli bwanji, amake Asiya?"

Kale ankangoti "iwe Shamim". Ulemu umenewu unamupweteka kuposa kutukwana. Aphunzitsi anatuluka m'nyumba ndi mpando wawo, anapereka moni, nakhala pansi. Pamenepo Shamim anagwada, ndipo mawu onse amene anawakonza m'minibasi zitatu anabalalika.

"Achemwali, ndabwera kudzapepesa maliro a mayi. Ndachedwa. Chifukwa chomveka ndilibe. Uthenga ndinaulandira tsiku lomwelo, koma ndinasankha nsomba. Kenako ndinachita manyazi. Pepani."

Sabina sanayankhe kuti zikomo, sanatinso palibe kanthu. Anaika chitsononkho pansi n'kuyamba kufotokoza mmene matenda anayendera, monga amachitira mwini maliro kwa aliyense wodzapepesa. Anayambira pa tsiku limene mayiwo anadandaula mwendo ali kumunda. Anafotokoza za ulendo wa kuchipatala, za mankhwala amene anawakana, za phala limene anamwa Lamlungu lomaliza, ndi nyimbo imene anapempha kuti awaimbire. Sanadumphe kanthu, ngati zachitika dzulo.

"Ndipo ankakufunsani," anamaliza motero. "Ankati, mwana wanga wa Chiyao uja abwera liti ndi milamba?"

Apo Shamim analira. Analira mokweza, kulira kwenikweni kwa pamaliro, kumene kunakhala m'chifuwa mwake zaka zitatu kukusowa potulukira. Sabina anapirira pang'ono, kenako nayenso anayamba, moti nkhuku zimene zinkatola chimanga zinathawa. Aphunzitsi anawasiya mpaka atatopa okha.

"Maliro sakalamba, mayi," anatero aphunzitsiwo. "Mwafika, mwapepesa, talandira." Anatenga mpando wawo n'kubwerera m'nyumba, poti anali munthu wodziwa nthawi yochoka.

Mlendo wodzapepesa sakhala manja lende. Shamim anasendera pa mkeka wa chimanga n'kuyamba kutonola. Manja ake anazolowera nsomba, ndipo pasanathe ola chala chachikulu chinali chitatuluka thuza. Sanadandaule. Anacheza za Asiya, za Monica, mwana wa Sabina amene tsopano anali namwino, za mvula ya ku Balaka imene imagwa ngati ikuchita kupemphedwa. Sabina anafunsa ngati mlendo angakonde mbewa zokazinga kapena zofutsa, nkhope ili gwaa, ndipo Shamim anayankha kuti adya zimene adye aphunzitsi, podziwa kuti aphunzitsi mbewa sayandikira. Anaseka onse, koma pang'ono chabe. Za laini Shamim sanatchule.

Dzuwa litapendeka, Sabina anakung'untha chitenje chake n'kufunsa osamuyang'ana:

"Foni yako ili kuti, iwe Shamim?"

Shamim anatulutsa kafoni ka mabatani kaja.

"Iyayi, ndikunena ija ya zithunzi. Lachiwiri sunaike nsomba pa sitetasi. Lachitatu zii. Ndinawauza aphunzitsi kuti kaya wadwala, kaya foni yatayika. Ndinati ikakhala foni, timuona pakhomo pano sabata isanathe, chifukwa laini ija ndi yanga."

"Mumaona masitetasi anga?"

"Tsiku lililonse. Madengu ako, nsapato za Asiya, malata atsopano. Ndimaona, ndimatukwana, mawa lake n'kuonanso."

"Koma dzina lanu silinkaoneka pa anthu oona."

"Monica anandizimitsira zimenezo. Ukuyesa ndine wopusa?"

Shamim anazyolika. Sanadziwe ngati aseke kapena alirenso. "Ndiye mukudziwa kuti chimene chandidzutsa ndi laini."

"Ndikudziwa. Chimene ndimafuna kuona n'chakuti uyamba ndi chiti, maliro kapena laini. Ukanayamba ndi laini, chitupa changa chikanasowa mpaka Khirisimasi. Tsopano tandiuza, muli chiyani mu lainimo choti mpaka munthu wamanyazi ngati iwe n'kukwera minibasi zitatu? Makasitomala okha?"

Shamim anafotokoza zonse, za kiripito, za mpamba wa mpunga, za maloko awiri aja. Sabina anamvetsera atatsegula pakamwa. Za ndalama zosagwirika sanazimvetse kwenikweni, ndipo ananena poyera kuti sakufuna kuzimvetsa. Koma za maloko anazimva msanga, poti anali mayi wosunga kiyi wa nkhokwe.

"Dikira kaye. Ndiye kuti zaka zonsezi ine ndikanapita ku Balaka n'kunena kuti simukhadi yanga yatayika, akanandipatsa? Makhodi akowo n'kumabwera kwa ine?"

"Eya."

"Nanga wina wochenjera akanandinyengerera, kapena kundibera chitupa?"

"Pakanatsalabe pasiwedi, achemwali."

"Pasiwedi yake yotani? Usandiuze. Ndi dzina la Asiya ndi chaka chimene anabadwa."

Shamim anabisa nkhope ndi manja. Sabina anaseka chikhakhali mpaka kutsokomola, akumenya mkeka ndi dzanja, moti aphunzitsi anasuzumira pawindo.

"Mayo ine! Chaka chimenecho ndinalipo, ndinagona pansi kuchipatala! Chuma chonsecho unachitsekera ndi chitseko cha mapesi, kiyi n'kusiyira munthu amene unamulakwira. Ndipo umagona tulo?"

"Ndinali nditaiwala kuti laini ili m'dzina lanu," anatero Shamim. "Koma ndikanakumbukira, ndikanagonabe."

Sabina anasiya kuseka. Anadzuka n'kunena kuti milamba ija sidziphika yokha.

Lachisanu m'mawa anakwera minibasi ya ku Balaka, Sabina atavala chitenje chatsopano chija, chitupa atachimanga pa kansalu. Ku ofesi ya kampani ya mafoni anapeza mzere, koma unkayenda. Amene anawathandiza anali mayi wachitsikana wa magalasi, dzina lake lolembedwa pachifuwa kuti Tasha. Anamva nkhani yonse osadabwa ngakhale pang'ono, zikuoneka kuti nkhani zotere ankazimva tsiku ndi tsiku.

"Ubale wanu ndi wotani?" anafunsa akulemba.

"Ndi mng'ono wanga," anayankha Sabina.

Tasha anayang'ana korona wa m'khosi mwa wina ndi hijabu ya winayo, anamwetulira n'kupitiriza kulemba. Anatulutsa simukhadi yatsopano ya nambala yakale ija. Kenako anatulutsa fomu ina yosinthira umwini, kuti laini ichoke pa chitupa cha Sabina ipite pa cha Shamim. Apa Shamim anaona dzanja la Sabina likuima pang'ono pamwamba pa pepala lisanasaine. Kunali kuima kwa kanthawi kochepa, koma anakuona.

"Mayi, muikenso pini pa simukhadiyi," anatero Tasha popereka. "Ndipo wina akadzakuimbirani kuti ndi wa kuofesi kuno, akufuna mumuwerengere khodi imene yabwera pa foni yanu, mudule. Ife sitifunsa zimenezo."

Anagula foni ina pa sitolo ya pafupi ndi depoti, n'kukakhala m'kanyumba ka tiyi kamene kanali ndi soketi pakhoma. Shamim analowetsa simukhadi, anatsitsa pulogalamu ija, analemba pasiwedi yake yochititsa manyazi ija komaliza, n'kudikira. Sabina ankapemerera tiyi wake ngati sizikumukhudza, koma maso anali pa foni. Kenako foniyo inalira kamodzi, manambala sikisi n'kuonekera. Shamim anawalemba, ndipo akaunti inatseguka. Zonse zinalimo monga anazisiyira.

"Alhamdulillah," anatero motsitsa mawu.

"Amen," anatero Sabina. "Tsopano konza chitseko chako cha mapesicho, ine ndikuona."

Kuona kwake kunali kotembenuka n'kuyang'ana kukhoma, mwadala, pamene Shamim ankapanga pasiwedi yatsopano. Inali yaitali, yosakaniza mawu osagwirizana ndi manambala, yopanda dzina la mwana, la mwamuna kapena la mudzi, ndipo anaibwereza mumtima mpaka inakhazikika. Imelo nayo anaitsegula ndi khodi ya pa laini, n'kuipatsa pasiwedi yakeyake. Kenako anachita zimene Twalibu anamuuza kalekale iye n'kumati mawa: anaika kapulogalamu kamene kamapanga khodi kokha m'foni, yosintha pa theka la mphindi lililonse, kuti akaunti isamadalirenso uthenga wa pa laini. Pomaliza pulogalamuyo inamuonetsa makhodi khumi apadera, n'kumuchenjeza kuti awalembe pa pepala ndi kuwasunga kutali ndi foni, chifukwa foni ikadzatayika, amenewo ndiwo adzamutsegulire. Anapempha cholembera kwa mwini tiyi, anang'amba tsamba m'kope lake la malonda, n'kuwakopera mosamala, akuyang'ana kawiri nambala iliyonse. Pulogalamuyo inanenanso kuti chifukwa cha kusinthaku sangatulutse kanthu mpaka mawa. Sanadandaule, mpunga sukanatha tsiku limodzi.

Anaimbira Twalibu. Iye anangofunsa funso limodzi lokha la akaunti, kenako anapempha kuti alankhule ndi alamu ake, ndipo awiriwo anamudya miseche Shamim ali pomwepo mpaka mayunitsi anatha.

Masana anali pa depoti. Minibasi ya ku Liwonde inali itatsala anthu atatu kuti idzaze, ndipo ya ku Phalula inali tsidya lina la msewu. Shamim anali wokhutira ngati munthu amene wamaliza kufolera nyumba mvula isanagwe. Sabina ndiye anali atachepetsa zolankhula. Ankangokonzakonza duku lake, akuyang'ana anthu odutsa.

"Basi," anatero pomaliza, akuyesa kuseka. "Dzina langa lachokapo. Zaka zitatu zonsezi ndimadziuza kuti mwana uja ngakhale atanyada bwanji, akuyenda ndi dzina langa m'thumba, tsiku lina adzabwera. Lero ndasaina ndekha. Tsopano ulibe chobwerera kuno."

Ananena ngati nthabwala, koma mawu anamuthera pakati. Shamim anamva chisoni chachikulu, chifukwa anazindikira kuti iye wapeza zonse zimene anadzera, pamene mnzakeyo wapereka kanthu kokhako kamene anali nako. Anamuuza kondakitala kuti amusungire malo, anathamangira pa kagolosale, n'kubwera ndi envulopu. Anapinda tsamba la makhodi lija, analiika m'kati, anamata, n'kulemba dzina lake pamwamba.

"Achemwali, pepala ili akuti lisakhale pamodzi ndi foni. Kunyumba kwanga kumalowa anthu ambiri, ndipo ine mukundidziwa, ndimaiwala. Sungani inu."

Sabina sanailandire msanga. "Ndikatsegula?"

"Simungachite nawo kanthu popanda pasiwedi. Ndipo yatsopanoyi simungailote."

"Ndiye ndikusunga chiyani?"

"Theka la khomo langa. Foni ikadzatayikanso, ndilibe kwina kopita koma kwa inu. Poyamba paja zinangochitika pamzere. Lero ndasankha ndekha."

Sabina anaitenga envulopuyo, anaitembenuza, anaipima m'dzanja ngati akuyesa kulemera kwake. Kondakitala anali atayamba kumenya denga la minibasi.

"Nanga ine ndikafa?" anafunsa.

"Ndidzabwera," anatero Shamim, misozi ili m'maso. "Wallahi, ndidzasiya nsomba ziwole pathandala. Ndidzafika musanatuluke m'nyumba."

"Chitsiru iwe," anatero Sabina, akumukankhira ku chitseko cha minibasi. "Ndani akufuna alendo atafa? Ubwere ndili moyo."

Shamim anakwera n'kukhala pawindo. Minibasi ikutuluka mu depoti anamuona Sabina ataima pomwe anamusiya, akutsegula chikwama chake n'kuika envulopu ija pakati pa buku lake la mapemphero.